Pepani Sapoletsa Chilonda: Za Kulapa m'Chisilamu

Pamaliro a Msilamu m'midzi ya m'boma la Chiradzulu, kaya ndi kwa Mpama, kwa Kadewere kapena kwa Nkalo, kaŵirikaŵiri pamamveka funso limene mlendo angadabwe nalo. Thupi litasambitsidwa ndi kukulungidwa m'nsalu yoyera, wachibale kapena shehe amaimirira n'kufunsa khamu lonse ngati alipo amene malemuyo adamwalira asanamubwezere ngongole. Ngati alipo, amapemphedwa kuti aonane ndi abale kuti alandire zake, apo ayi akhululuke ndi mtima wake wonse. Funsoli limafunsidwa anthu ali m'misozi, manda atakumbidwa kale. Wosadziŵa angaganize kuti ndi kusoŵa ulemu kukamba za ndalama pa nthaŵi yotere, koma eni ake amadziŵa chimene akuchita.

Mwambowu uli ndi muzu wake m'mbiri ya Chisilamu. Tsiku lina ku Madinah anthu adabwera ndi maliro kwa Mtumiki Muhammad kuti atsogolere pemphero. Iye adayamba wafunsa ngati womwalirayo adasiya ngongole, ndipo atamva kuti adaisiya popanda chuma chobwezera, adauza anthuwo kuti apemphere okha. Adavomera kutsogolera pempherolo pokhapokha mmodzi wa ophunzira ake, Abu Qatada, atalonjeza kuti ngongoleyo aisenza ndiye. Nkhani imeneyi imadzutsa funso limene lavutitsa anthu oganiza a zipembedzo zonse. Ngati Mulungu ndi wachifundo chosatha, n'chifukwa chiyani ngongole ya ndalama zochepa ingatchinge njira ya munthu wopembedza? Ndipo ngati chifundo chake chimafafaniza chilichonse, nanga wolakwiridwa uja adzapeza kuti chilungamo?

Asilamu amatcha kulapa kuti toba, mawu ochokera ku Chiarabu amene tanthauzo lake lenileni ndi kubwerera. Wochimwa ali ngati munthu amene wasiya njira ya kwawo n'kuloŵerera m'thengo, ndipo wolapa ndiye amene watembenuka kuyang'ananso kumudzi. Korani imafotokoza kuti Adamu ndi mkazi wake atadya za mtengo woletsedwa adavomera kulakwa kwawo, adapempha chikhululuko, ndipo Mulungu adaŵalandira. Chifukwa cha chimenechi, Chisilamu chimaphunzitsa kuti mwana aliyense amabadwa wopanda mlandu, ndiponso kuti palibe amene amasenza tchimo la mnzake. Pakati pa wolapa ndi Mlengi wake palibenso mkhalapakati. Shehe angathe kulangiza ndi kuchenjeza, koma alibe mphamvu yomasula munthu ku machimo. Mlimi wa ku Namadzi amene wakweza manja ake yekhayekha m'nyumba mwake usiku ali pafupi ndi khomo la chikhululuko chimodzimodzi ndi munthu amene waima pa chigwa cha Arafat pa nthaŵi ya Haji.

Khomo limeneli ndi lotsekuka kwambiri. Pa masura 114 a m'Korani, onse kupatula imodzi amayamba ndi kutchula chifundo cha Mulungu, ndipo ena mwa maina ake amatanthauza Wokhululuka ndi Wolandira kulapa. Msilamu akamaliza iliyonse ya swala zisanu za pa tsiku amanena katatu mawu akuti Astaghfirullah, kupempha Mulungu kuti amukhululukire. Mtumiki mwini wake ankapempha chikhululuko koposa ka 70 pa tsiku. Iye adayerekeza chimwemwe cha Mulungu pa munthu wolapa ndi cha wapaulendo amene ngamira yake yathaŵa m'chipululu itasenza madzi ndi kamba yense, ndipo atataya mtima n'kugona pansi pa mtengo kudikira imfa, akuphenyula maso n'kuona ngamira ija yaima pambali pake.

Pamenepa ndi pomwe otsutsa amapezera poyambira. Iwo amati chikhululuko chopezeka mosavuta chotere chimalimbikitsa uchimo. Munthu angathe kuba Lolemba, kunama Lachitatu, n'kukasamba machimo ake Lachisanu kumzikiti, podziŵa kuti sabata yamaŵa khomo lidzakhala lili chitsekukire. Amaonjeza kuti amene adaberedwa uja sapindula kanthu ndi misozi imene wakuba wakhetsa pamkeka wa swala. Mawu a otsutsaŵa si ongoŵataya, pakuti makolo nawonso adaona zomwezo pamene adati pepani sapoletsa chilonda. Pabwalo la mfumu, munthu amene mbuzi zake zadya chimanga cha mnzake samangoomba m'manja n'kumapita. Amatula nkhuku kapena chindapusa china, chifukwa mudzi umadziŵa kuti kupepesa kopanda kanthu m'manja kumasiya mtima wa wolakwiridwa uli wotupa.

Akatswiri a Chisilamu adaliona vuto limeneli kalekale. Imam al-Nawawi wa ku Syria, amene adamwalira m'chaka cha 1277, adalongosola m'buku lake lotchedwa Riyad al-Salihin zoyenera kuchitika kuti kulapa kulandiridwe. Ngati tchimo lili pakati pa munthu ndi Mulungu yekha, monga kusiya swala, kumwa moŵa kapena kudya masana m'mwezi wa Ramadhani popanda chifukwa, zofunika ndi zitatu: kusiya tchimolo nthaŵi yomweyo, kumva chisoni chenicheni, ndi kutsimikiza mumtima kuti sadzabwererako. Chimodzi chikasoŵa, kulapako sikudakwane. Kotero munthu uja woba Lolemba ali ndi cholinga chodzabanso sabata yamaŵa sadalape konse, ngakhale lilime lake litatchula chikhululuko kambirimbiri. Koma ngati tchimolo lakhudza munthu wina, pamaonjezeka chachinayi, chimene ndi kubweza zimene zidalandidwa kapena kupeza chikhululuko kwa mwini wake wolakwiridwayo.

Chachinayichi ndicho chimayesa munthu, ndipo ku Chiradzulu sichisoŵa pochiyesera. Bomali ndi laling'ono, koma kalembera wa 2018 adapezamo anthu oposa 350,000. Minda ndi ing'onoing'ono, ndipo mzere umodzi wa m'malire umatha kudanitsa mabanja aŵiri kwa zaka zambiri. Alipo anthu amene pokweza mizere chaka ndi chaka amakankha malire pang'onopang'ono, khasu limodzi chaka chino, lina chaka chamaŵa, mpaka njira imene idali pakati pa minda iŵiri itazimirira. Mtumiki adachenjeza kuti wolanda malo mopanda chilungamo, ngakhale otalika ngati chikhatho, adzaŵavala m'khosi pa tsiku la chiŵeruzo. Alipo ena ogula nandolo ndi chimanga amene sikelo zawo zimadziŵa kuŵerama mbali imodzi yokha. Za iwoŵa Korani ili ndi sura yonse, ya 83, imene dzina lake ndi la anthu ochepetsa muyeso.

Chitsanzo chimodzi chingaunikire bwino mfundoyi. Pakhale mwinimbumba amene mlongo wake wamwalira n'kusiya ana ang'onoang'ono pamodzi ndi munda. Mwa mwambo, iyeyo ndiye mtetezi wa anawo. Koma njala itavuta, kapena mtima utasirira malata, iye akugulitsa gawo la munda uja, ndalama n'kudya yekha. Patapita zaka, tsitsi litayamba kuyera, mtima wake ukuyamba kumutsutsa. Akuyamba kufika kumzikiti m'bandakucha, akusala Ramadhani yonse, akupereka sadaka kwa osauka. Anthu akumutamanda kuti wasintha. Komabe ana a mlongo wake akulima maganyu m'minda ya eni ake chifukwa alibe pogwira. Mwa chiphunzitso cha Chisilamu, mkulu ameneyu wachita bwino kubwerera ku swala, koma mlandu wa munda udakalipo wonse. Korani imayerekeza kudya chuma cha ana amasiye ndi kumeza moto. Kulapa kwake kudzakwana tsiku limene adzaitana adzukulu akewo, n'kuvomera zimene adachita, n'kuombola mundawo kapena kulipira mtengo wake, ngakhale kutero kutatanthauza kugulitsa malata aja.

Chifukwa chake n'chomveka kwa aliyense wodziŵa milandu ya kumudzi. Mfumu ingathe kukhululukira munthu amene wainyoza iyo, koma singathe kukhululuka m'malo mwa mayi amene mbuzi yake yabedwa, pakuti mbuziyo si ya mfumu. Chimodzimodzinso Mulungu amakhululuka mwaufulu zimene zili zake, koma chifukwa ndi wolungama, sapereka kwa wolakwa zimene zili za wolakwiridwa. Mtumiki adafunsapo ophunzira ake kuti mmphaŵi weniweni ndani. Iwo atayankha kuti ndi wopanda ndalama ndi katundu, iye adati ndi munthu amene adzafike pa tsiku la chiŵeruzo ali ndi swala, kusala ndi zopereka zambiri, koma atatukwana uyu, atanamizira uyo, atadya chuma cha wina ndi kumenya winanso. Zabwino zake zidzagaŵidwa kwa amene adaŵalakwira, ndipo zikadzatha milandu isanathe, machimo a iwowo adzaunjikidwa pa iye. Makolo adanena mwachidule kuti mlandu suola.

Komabe kubweza katundu si chiyambi cha kulapa. Chiyambi chake ndi kunena zoona, ndipo palibe nkhani imene imaonetsa zimenezi kuposa ya Ka'b ibn Malik. M'chaka cha 630 Mtumiki adaitana amuna onse amphamvu kuti apite ku Tabuk, ulendo wautali wa m'nyengo yotentha, zipatso zitapsa m'minda. Ka'b adali wathanzi ndipo adali ndi ngamira ziŵiri, koma tsiku lililonse ankati adzakonzeka maŵa, mpaka anzake adapita n'kubwerako iye ali pakhomo. Amuna oposa 80 adafika kwa Mtumiki ndi zifukwa zopeka, ndipo adaŵasiya apite. Ka'b adali katswiri pa kuyankhula, kotero akadatha kupeka chifukwa chokoma kuposa onsewo. M'malo mwake adanena poyera kuti adalibe choŵiringula chilichonse. Amuna ena aŵiri, Hilal ibn Umayya ndi Murara ibn al-Rabi, adachitanso chimodzimodzi.

Chodabwitsa n'chakuti onama aja adagona tulo tabwino, pamene onena zoona atatuŵa adalangidwa. Anthu onse adalamulidwa kuti asayankhule nawo. Ka'b ankayenda mumsika ndi kuloŵa mumzikiti, koma palibe amene ankamuyankha moni, ngakhale mbale wake amene ankakondana naye kwambiri. Pa nthaŵi yomweyo adalandira kalata yochokera kwa mfumu ya Ghassan yomuitana kuti akakhale kumeneko mwaulemu, koma iye adaiponya pamoto. Atatha masiku 50, idatsika ndime yolengeza kuti Mulungu walandira kulapa kwa atatuwo, ndipo ndimeyo ili m'sura ya 9, imene dzina lake ndi Toba. Ka'b adalonjeza kuti moyo wake wonse sadzanenanso bodza. Phunziro la nkhaniyi ndi lakuti munthu amene wathaŵa manyazi a lero pobisa mlandu wake amaunyamula mpaka kumanda, pamene wolola kuchita manyazi pamaso pa anthu amautula pansi akadali moyo.

Pali mafunso ena ovuta amene mfundo zinayi zija siziyankha mwachindunji. Nanga ngati wolakwiridwayo adamwalira kale? Akatswiri amati zake zibwezedwe kwa ana ake kapena kwa ena oloŵa m'chuma chake. Nanga wogula nandolo amene adabera alimi mazanamazana osaŵadziŵa ndi maina omwe? Ameneyu ayerekeze kuchuluka kwa zimene adaba, azipereke kwa osauka m'dzina la eni ake, ndipo asayembekezepo mphotho yakeyake, pakuti sadapereke zake. Nanga wamiseche amene adaipitsa mbiri ya mnzake iye osadziŵa? Pamenepa akatswiri amasiyana maganizo. Ena amati apite akaulule ndi kupepesa. Ena amati kuulula kungatsekule chilonda pamene padalibe, kotero ndi bwino kuti abwerere pabwalo lomwelo pamene adanyozera mnzakeyo, atsutse mawu ake oyamba, anene zabwino za iye ndi kumupempherera. Onse amagwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti wolakwa sasankha njira chifukwa choti ndi yomupepukira iyeyo, koma chifukwa choti ndi yopindulira wolakwiridwa.

Wolakwiridwayo naye ali ndi funso lake: kodi ndi wokakamizidwa kukhululuka? Korani imamulola kufuna chilungamo cholingana ndi zimene adachitiridwa, koma imati wokhululuka ndi kuyanjanitsa mphotho yake ili kwa Mulungu. Kukhululuka kotero ndi mphatso, ndipo mphatso sailanda. Sikutanthauzanso kuti ululu watha. Pa nkhondo ya Uhud m'chaka cha 625, munthu wina dzina lake Wahshi adapha Hamza, mbale wa bambo ake a Mtumiki, amene Mtumikiyo ankamukonda kwambiri. Mzinda wa Makkah utagonja m'chaka cha 630, Wahshi adadza kudzaloŵa Chisilamu. Mtumiki adamulandira ndipo sadamubwezere choipa, koma adamupempha kuti asamaonekere pamaso pake. Mlandu udatha, koma chipsera chidatsala. Wolakwa amene amakwiya chifukwa amene adamulakwira sakumusekerera msanga amaonetsa kuti ankafuna mtendere wa mtima wake wokha, osati kuchira kwa mnzake.

Pa njira ya wolapa pali maenje aŵiri, lina kumanja lina kumanzere. Loyamba ndi kuzengereza. Mnyamata amati adzalapa akadzakula, wamalonda amati adzakonza sikelo akadzamaliza nyumba. Imam al-Ghazali, amene adamwalira m'chaka cha 1111, adayerekeza munthu wotere ndi wofuna kuzula mtengo amene akuti adzauzula chaka chamaŵa, osazindikira kuti mizu ya mtengowo ikuzama pamene mphamvu zake zikuchepa. Chisilamu chimaphunzitsa kuti khomo la toba limatsekeka mzimu ukafika pakhosi, ndipo Korani imakamba za Farao amene adavomera Mulungu madzi atamufika m'kamwa, koma mochedwa. Anthu a ku Chiradzulu safuna wina woŵauza kuti chakudza sichiimba ng'oma. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy adagumula phiri, ndipo matope ndi miyala zidakokolola nyumba ndi anthu m'mudzi wa Ntauchira kwa Likoswe. Amene adafa kumeneko sadali ochimwa kuposa amene adatsala, ndipo ndi kulakwa kwakukulu kuŵaŵeruza. Chimene tsokalo lidakumbutsa otsala ndi chakuti palibe amene adalonjezedwa tsiku lamaŵa loti adzapepese.

Dzenje lachiŵiri ndi kutaya mtima, ndipo limameza anthu ambiri mwakachetechete. Wachinyamata amene wagwa m'tchimo lomwelo kachisanu amayamba kudziona ngati wachinyengo, ndipo amaleka n'kupemphera komwe. Koma chiphunzitso chimasiyanitsa munthu wolapa ali ndi cholinga chobwereza ndi munthu wolapa moona amene pambuyo pake wafooka. Wachiŵiriyu kulapa kwake koyamba kudali koona, ndipo ayenera kungodzukanso. Mtumiki adasimba za munthu wakale amene adapha anthu 99, ndipo atafunsa munthu wina wopembedza ngati angakhululukidwe n'kuuzidwa kuti ayi, adamuphanso kukwanitsa 100. Pambuyo pake adapeza munthu wophunzira amene adamuuza kuti palibe chingamutsekereze, koma kuti achoke m'dziko la anthu oipa limene ankakhala apite kwa anthu olungama. Adamwalira ali pa njira, ndipo adalandiridwa. M'nkhaniyi muli zinthu ziŵiri zoyenera kuzisunga. Womuuza wochimwa kuti palibenso chiyembekezo amamusandutsa chilombo choposa kale. Ndipo wolapa moona amasintha mabwalo amene amakhalapo ndi anzake amene amayenda nawo, pakuti sangatuluke m'matope akupondabe momwemo.

Tsono yankho la funso lija likuoneka. Chifundo cha Mulungu ndi chilungamo chake sizilimbana, chifukwa chilichonse chili ndi malo ake. Chifundo chimatsimikizira wochimwa kuti palibe tchimo lalikulu koti sangabwerere, ndipo chilungamo chimamuuza kuti njira yobwererayo imadzera pakhomo pa munthu amene adamulakwira. Mfundo imeneyi si yachilendo kwa Akhristu a ku Nguludi kapena a ku Mbombwe, amene amadziŵa za Zakeyu wokhometsa msonkho amene adalonjeza kubweza kanayi zimene adalanda, ndiponso si yachilendo kwa nkhoswe imene imayanjanitsa banja. Wophunzira amene adabisa buku la mnzake, kapena amene adafalitsa bodza lokhudza mtsikana wa m'kalasi mwake, ali pansi pa lamulo lomwelo ndi mwinimbumba uja.

Pa manda paja, funso la ngongole likafunsidwa, womwalirayo sangathenso kuyankha. Sangatchule amene adamubera, sangaloze pamene padali malire enieni, sangagwade pamaso pa adzukulu ake. Zonse zimatsamira pa chifundo cha otsala, ndipo ena mwa olakwiridwa amakhala chete chifukwa cha manyazi, chilonda chili mumtima. N'chifukwa chake funsoli, ngakhale limanena za wakufa, limagwera amoyo amene aima mozungulira dzenjelo. Aliyense wa iwo amabwerera kwawo akudziŵa khomo limene ayenera kukagogoda, ndipo miyendo yokafikira kumeneko akadali nayo.